Tsiku Limene Ndinadikira Alangizi pa Mphasa

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, kulikonse kumene muli. Ndine Filomena wa ku Bangwe, ndipo ndili ndi otizimu, chibadwa chimene chimachititsa ubongo wanga kugwira ntchito mosiyana ndi wa anthu ambiri. Dzina la otizimuli ndinalidziwa ndili wamkulu kale. Ndisanalidziwe anthu anali ndi mayina awoawo. Ena ankati ndine wozerezeka, ena ankati bambo anandikhwimira kuti golosale yawo iyende bwino. Golosaleyo inagwa ine ndikadali ku pulayimale, koma pakamwa pa anthu inkayendabe.

Phokoso limandipweteka ngati dzino lobooka. Sindiyang'ana anthu m'maso, ndipo munthu akandifunsa ndimachedwa kuyankha. Mayi atamwalira, nyumba inatsala m'manja mwa achimwene anga a Dominiko, ndipo iwo ndi alamu anagwirizana zonditumiza ku Nsanje kwa azakhali amene sindinawaonepo. Ankakambirana zimenezi ine ndili pomwepo pakhonde ndikusoka, ngati akukamba za mbuzi. Ndinachita mantha kwambiri. Ku Bangwe ndimadziwa njira iliyonse, ndimadziwa nthawi imene mumsika mumakhala anthu ochepa, ndili ndi makasitomala anga a mayunifolomu. Kumudzi ndikanakhala munthu womatsekeredwa kuchipinda alendo akabwera.

Ndinkapemphera, koma mokwiya. Anthu obwera kudzandithandiza ndinali nditatopa nawo. Aneneri anandikuwira m'makutu kuti chiwanda chituluke. A bungwe lina anandijambula atandiimika pafupi ndi chimbudzi, chonsecho nyumba yathu ili ndi khonde labwinobwino, ndipo sanabwerenso. Amayi alangizi a kutchalitchi ankandikhazika pa mphasa n'kumandiphunzitsa ulemu, ngati kuchedwa kuyankha ndi mwano.

Tsiku lina achimwene anabwera ndi uthenga wochokera kwa namwino wa kuchipatala chathu.

"Kukubwera a kafukufuku, akuti ndi nkhani ya alangizi. Uvale bwino, usatichititse manyazi."

Inali nthawi ija ya mphekesera za anamapopa. Sindinkazikhulupirira kwenikweni, komabe ndinavala juzi ya manja aatali dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, kuti aliyense wofuna mtsempha avutike kaye. Mumtima ndinkati achimwene apeza anthu ophunzira oti awavomereze zondichotsa.

Kunabwera mayi mmodzi yekha, Msilamu, dzina lawo a Asiyatu, ndipo anabwera pa minibasi. Achimwene anawapatsa mpando. Ine ndinakhala pa mphasa nditaweramitsa mutu monga ndinazolowera. Mayiwo anakana mpando n'kukhala kumapeto kwa mphasa yomweyo, kenaka anapempha alamu kuti azimitse wailesi. Zimenezi zinangondiwonjezera chikaiko. Ndinati akundimwazira chimanga ngati nkhuku yoti igwidwe.

Ine ndinkadikira alangizi, osadziwa kuti mayiwo akudikira ine. Nditatopa ndinafunsa.

"Alangiziwo afika nthawi yanji?"

"Alangizi ake ati?"

"Amene abwere kudzandilangiza."

"Ayi, a Filomena. Alangiziwo ndinu. Tikufuna akuluakulu a otizimu akhale nafe m'gulu, azitiuza zoti tifufuze ndi mafunso amene sitiyenera kufunsa."

Achimwene anaseka. "Mayi, mwina sanakuuzeni bwino. Uyu sayankha msanga. Muzifunsa ine."

"Ndilibe changu, bambo," anatero mayiwo.

Ine sindinakomedwe. Mawu okoma ndinawamvapo ambiri. Ndinawafunsa ngati atenga magazi, anati ayi. Chithunzi? Pokhapokha nditafuna ndekha. Nanga ndikakana zonse? Anati akwera minibasi n'kubwerera, ndipo palibe amene adzandivutitse. Ndinafunsanso ngati adzabwere kudzatiuza zimene apeza. Anati sadzafunika kubwera, chifukwa ndidzakhala nawo pomwepo pamene akuzilemba. Kenaka anandifunsa kuti, kwa ine, chinthu choyamba choyenera kufufuzidwa n'chiyani.

Ndinachedwa monga mwa nthawi zonse. Alamu anayamba kukhosomola. Mawu atabwera, anabwera onse pamodzi.

"Fufuzani kumene timapita makolo athu akamwalira. Ine ndikupita ku Nsanje, ndipo palibe amene wandifunsa."

A Asiyatu sanadzudzule munthu, anangofunsa ngati ndikulola kuti funsolo alitengere kwa anzawo monga langa. Ndinalola. Atapita, achimwene analowa m'nyumba osandiyankhula, ndipo ine ndinati basi ndadziphera, mawa lomwe andikweza basi.

Mmawa ndili pa makina osokera, achimwene anabwera n'kukhala pa sitepe.

"Iwe Filo, ukufuna kukhala kuti?"

Chibadwire anali asanandifunsepo funso lotero. Ndinachedwanso kuyankha. Anayamba kudzuka monga amachitira, koma anaima pakati n'kukhalanso pansi.

"Pano," ndinatero.

"Chabwino. Ndiwauza azakhali."

Abale anga, ndikadali ku Bangwe. Timakumana ndi anzanga a otizimu ochokera ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, ndipo funso lililonse la ofufuza limadutsa kaye kwa ife. Chikaiko changa sichinathe. Ndimawapanikizabe ngakhale a Asiyatu amene, ndipo iwo amati ntchito yanga ndi imeneyo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wokwiya, n'kutumiza yankho kudzera mwa mlendo amene ndinkamuopa. Inu amene muli ngati ine, musafooke, ngakhale akukambirani ngati katundu. Ndipo inu amene muli ndi munthu wotere pakhomo panu, musanamulongedzere chikwama, mufunseni. Akachedwa, khalaninso pansi. Yankho ali nalo.