Nkhuku Yogona Pano

Chaka chomwe sopo anasowa m'masitolo a pa Chonde, a Fanuel, tcheyamani wa chipani m'dera lathu, anabwera ndi uthenga woti thumba la boma laperewera, ndiye nyumba iliyonse yoweta nkhuku ipereke imodzi. Ine ndinali pakhonde la a Jailos, mnzanga wothyola naye tiyi, pamene njinga ya atcheyamani inafika itanyamula saka lolira.

A Jailos anali ndi thadzi limodzi lokha, nalonso lili pa mazira. Anafunsa mwaulemu ngati atcheyamani apereka kale yawo.

"Kwanga kulibe nkhuku. Kaoneni khola, muli mphepo yokha."

Zoona, munali mphepo. Sabata yathayo munali nkhuku makumi awiri, koma masiku amenewo wodziwa kuwerenga za akuluakulu ankamutengera kutali.

"Ndiye ndipereke iti?" anatero a Jailos.

"Simudziwa nkhuku yanu?"

"Pali yanga, pali yogona pano."

"Abambo, chipani sichifunsa mbiri ya nkhuku. Yogona panu ndi yanu."

"Ngakhale mwini wake ali moyo?"

"Ngakhale ali ndi ndevu."

A Jailos anayesa kufotokoza kuti yogonayo munthu wina anachita kuwasungitsa, ndipo chosungitsa sudya, sugulitsa. A Fanuel anawadula. Anati mavuto a dziko tisenze mofanana, iwo atsogoleri akusenza kale ndi miyendo popalasa njinga, ndipo mawu omwewa anena pakhomo lililonse, palibe yemwe wavuta.

"Iyayi, sindikuvuta. Koma mwini wake akabwera ndidzati chiyani?"

"Mudzati a Fanuel analamula. Mboni ndi awa." Analoza ine. Ndinayang'ana kuphiri.

A Jailos anazungulira kuseri, nabwera ndi tambala wonona, ulusi wofiira uli kumwendo. A Fanuel anaona ulusiwo, dzanja n'kuima m'malere.

"Ameneyu mwamutenga kuti?"

"Anasiya ndi amayi a kunyumba kwanu, a Margret. Akuti munawatuma akabise nkhuku kwa apongozi ku Muloza, koma kunawatalikira. Ndiye anasiya imodzi imodzi m'makomomu."

A Fanuel anamasula saka pang'onopang'ono. Miyendo yonse inali ndi ulusi wofiira. Nkhuku ina inawazindikira, inayamba kulira ngati yaona madeya.

"Bweretsani thadzi lija. Uyu ndi wanga."

"Ndi wanu?" A Jailos anakanda m'mutu. "Ndiye kuti kwanu kuli nkhuku? Nanga kumsonkhano wa chipani si munati mulibe?"

A Fanuel anandiyang'ana. Ulendo uno sindinayang'ane kuphiri. Iwo anatsegula saka. A Jailos anaponyamo tambala, nawathandiza kumanga pakamwa pake bwinobwino, kuti isathawe ngakhale imodzi.

"Musadandaule, atcheyamani. Mudzi wonse wasenza mofanana. Aliyense wapereka imodzi yanu."