Mbiri ya Mayi Kristina Muheya, Oweta Njuchi a ku Mbulumbuzi

Malemu Mayi Kristina Muheya anabadwa pa 9 Okutobala 1963 konkuno ku Mbulumbuzi. Pulayimale anaphunzira kwathu kuno, sekondale ku Nguludi, ndipo mu 1985 anamaliza maphunziro a ulangizi wa zaulimi.

Pa 15 Ogasiti 1987 anamanga ukwati woyera ndi a Bonifasio Muheya, mphunzitsi wa ku Njuli, amene anadzakhala pachikamwini m'mudzi muno. Malemu anagwira ntchito ku Phalombe ndi ku Zomba, nabwerera kuno mu 2004. Ambiri mwakhala panonu munaphunzira kwa iwo kubzala m'mizere ndi kupopera mbozi mu nandolo.

Mu 2011 anapachika ming'oma yawo yoyamba m'nkhalango ya kuseri kwa nyumba. Amuna awo, amene ankaopa njuchi, ankangonyamula chidebe n'kuima patali.

Mu Juni 2017, nandolo ali maluwa, malemu anapeza njuchi zitafa mbwee pansi pa ming'oma. Sanakangane ndi wina aliyense. Ankati mlimi akapanda kupopera mbozi zimamaliza munda, choncho chofunika n'kudziwa mankhwala amene akupha njuchi, nthawi yake, ndi kumene njuchizo zikukumana nawo.

Kuyambira chaka chimenecho, nandolo akamasula maluwa ankayala nsalu yoyera pansi pa mng'oma uliwonse. M'mawa ankaona njuchi zagwapo: zakufa ndi ukalamba zimakhala zochepa, koma zodya mankhwala zimagwa zambiri, malilime ali panja, zina zikuzungulira ngati zaledzera. Akatero ankayenda m'minda kufunsa amene wapopera, n'kuwerenga zolembedwa pabotolo. Anaona kuti kupopera m'mawa, njuchi zili m'maluwa, kumapha kwambiri kusiyana ndi madzulo zitabwerera. Anaonanso kuti zina zinkafa chifukwa chomwa pazithaphwi pamene anthu ankatsukira mipope.

Anthu anawatcha apolisi a njuchi, ndipo dzinalo ankaliyankha. A Frackson, oyandikana nawo munda, anawafunsapo ngati njuchizo zimalipira lendi ya maluwa awo. Malemu anawauza kuti akafunse maungu awo kuti anawabereketsa ndani. Patapita masiku, a Frackson omwewo ndiwo anayamba kubwera kudzanena akafuna kupopera, kuti ming'oma ifundidwe masaka onyowa. Ena anatsatira.

Malemu anapuma pantchito mu 2021. Madzulo ankakhala pakhonde ndi amuna awo, akumvetsera njuchi zikubwerera. Zovala za malemu zinkanunkhira utsi ndi phula, ndipo m'nyumbamo fungolo likadalipo.

Chaka chino m'masitolo munabwera mankhwala ena atsopano, ndipo malemu anakonzeka kuona mmene adzakhudzire njuchi. Koma mu Malichi anayamba kudandaula m'chifuwa ndi kutupa miyendo. Anagonekedwa ku chipatala cha Nguludi kawiri. Ali pabedi ankafunsa ngati nandolo wamasula, ndipo atamva kuti wayamba, anawafotokozera amuna awo zonse pang'onopang'ono: poyala nsalu, choyang'ana, ndi makomo oti ayendemo. A Muheya anavomera. Kwa sabata ziwiri ankapita kunkhalango m'mawa, n'kukwera minibasi kukawauza zimene apeza. Malemu anatisiya Lachiwiri pa 24 Juni 2025, ntchitoyo ili pakati.

Tsopano pali pempho kwa eni mbumba. Mwambo wathu a Muheya akuudziwa ndipo sakuutsutsa: mkazi akapita, mkamwini amasudzulidwa n'kubwerera kwawo. Ming'oma ili pamalo a kuchikazi, ndipo ndi ya ana. A Muheya akungopempha kuti tsiku lowasudzula lidikire kufikira maluwa a nandolo atayoyoka, kuti amalize zimene anatumidwa. Kuli malemu sangathe kukapereka yankho, koma akufuna alipeze. Kwa inu alimi, mukafuna kupopera, khomo ndi lomwe lija.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, a Patricia, a Dominic ndi a Hannah, zidzukulu zisanu, ndi alongo awo a Nikodemo, amene ndiwo eni mbumba.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino a ku Nguludi, bambo mfumu ndi akhristu a mphakati wathu, amfumu, adzukulu okumba manda, amayi amene agona pasiwa, ndi anyamata a kabaza amene anafalitsa uthenga. Likuthokozanso alimi onse amene, atamva za zovutazi, anaimika mipope yawo sabata ino popanda wowauza.

Mayi Muheya, mwatsogola msanga. Mzimu wanu uuse mumtendere wa Ambuye.