Amayi Omwe Ankayeza Mitundu ndi Dzanja Lawo

Malemu, omwe ndi alongo anga, anabadwa pa 9 Meyi 1968, achiwiri m'banja la ana anayi. Atamaliza sekondale mu 1987 anakaphunzira ntchito yokonza makanema. Mu 1993 anakwatiwa ndi bambo mukuwaona pafupi ndi bokosiwo.

Mu 2009 analembedwa ntchito pa situdiyo ina. Makamera atsopano ankajambula zithunzi zooneka bwino kwambiri, koma anthu ambiri anali adakali ndi ma TV akale. Ntchito ya malemu inali kuchepetsa kanema kuti aoneke pa TV yakale mitundu osasokonekera, chifukwa ukachita mothamanga, chovala chofiira chimafwifwa, nkhope n'kutuwa. Ankasunga ka TV kakale patebulo, n'kumaika dzanja lawo pagalasi. Khungu la munthu wa m'kanema likasiyana ndi lawo, ankayambiranso.

Mu 2021 abwana awo anataya ka TV kaja, ati kakuchedwetsa ntchito. Kanema wa ukwati wina anatuluka mkwatibwi ali mbuu ngati wagona paphulusa. Eni ukwati atabwera ndi ukali, abwanawo ananena pagulu kuti maso a malemu anatha, n'kuwachotsa ntchito. Mbiri inawanda, palibe anawalembanso. Kuthamanga kwa magazi kunayamba chaka chomwecho, ndipo ife sitikayika komwe kunachokera.

Mu Juni chaka chino abwana omwewo, manyazi atawasiya kwawo, anabwera kunyumba ndi kanema wa ukwati wa mwana wawo wamkazi, nayenso wotuwa. Malemu, ndi mtima wawo wabwino wopweteketsa uja, anamukonza ali chigonere. Anatisiya pa 3 Ogasiti asanamve mawu opepesa.

Asiya amuna awo, ana atatu ndi zidzukulu ziwiri. Tithokoze anamwino, aneba ndi akwaya omwe sanatisiye tokha.

Abwana, takuonani mwakhala kutsogolo ndi suti yanu. Munanena nokha kuti kanema wa mwana wanu ndi yekhayo, wina kulibe. Kanemayo tamuika m'bokosimu, m'dzanja lomwe lija ankaika pagalasi. Bokosi titseka nyimbo ikatha. Ngati mukumufuna, imirirani muwauze anthuwa amene anataya ka TV kaja. Ine mtima wa alongo anga ndilibe.

Mzimu wawo uuse mumtendere, dzina lawo tisamala ndife otsala. Akwaya, yambani.