Chala cha mkaidi pa njerwa

Pamzere wolowera m'khola lakale la akavalo ndi ngolo ku Tasmania, chilumba cha ku Australia, bambo wina anayamba kucheza ndi mayi wachikulire.

"Mayi, taonani khomo ili! Pamwambapo palibe chitsulo, njerwa zokhazokha zangogwirana."

"Zakhala choncho zaka pafupifupi mazana awiri, bambo."

"Koma njerwa iyi ndi yokumbika. Ine ndine mmisiri, ndikanaimata bwinobwino."

"Angakumangeni! Lamulo limaletsa ngakhale kukhomapo msomali. Pokumbikapo ndi chala cha mkaidi amene anaiumba. Ikanipo chanu."

"Aaa! Chakwana ndendende!"

"Mwini kholali dzina lake lili pachipata, koma sanaumbe njerwa ngakhale imodzi."

"Nanga uyu dzina lake ndani?"

"Palibe amene akudziwa. Koma lero mwagwirana naye chanza."