Mmene Ambuye Anandilanditsira kwa Ba Sentimita

Abale ndi alongo amene mumawerenga zolemba zanga, ngakhalenso inu amene mumangoziona n'kudutsa, landirani moni m'dzina la Iye amene safuna pemphero la makope atatu. Lero ndabwera ndi umboni. Ndinadwala nthenda yotchedwa filosofi kwa zaka zinayi, ndipo mwachisomo chake ndinachira wopanda digiri.

Kwa amene simudziwa, filosofi ndi maphunziro a kuganiza. Umapita kusukulu kuti akakuphunzitse kukayikira ngati mpando umene wakhalapowo ulipodi. Ine ndine mwana wa ku Kasanda, komboni ya mgodi kuno ku Kabwe. Agogo anga anachoka ku Ntcheu wapansi kudzakumba mtovu, bambo anga anakumba mpaka mgodi unatsekedwa, ndiye ine ndinaona kuti banja lathu lakumba mokwanira, wina akhaleko pansi aganize. Ndinalowa pa koleji ina ya kuno ku Kabwe, imene sinditchula dzina chifukwa ndine munthu wopulumutsidwa.

Zofunika kuti munthu alandire digiri anatiwerengera tsiku loyamba. Uyenera kukhoza lojiki, phunziro lotsimikizira ndi zizindikiro zambirimbiri zinthu zimene amayi ako akudziwa kale. Uyenera kuloweza maganizo a Agiriki andevu amene anamwalira kalekale asanagwirizane chilichonse. Panalinso phunziro la makhalidwe abwino, limene mphunzitsi wake ankaoneka kamodzi pa mwezi. Zonsezi ndinakhoza, abale, ndipo sindikudzitama, poti palibe wandifunsapo mpaka lero. Chomaliza chinali pepala lalikulu: masamba osachepera makumi asanu, makope atatu omangidwa ndi chikuto chakuda cholimba, zilembo zagolide pamwamba, ndi siginecha ya mphunzitsi wokuyang'anira. Buku la malamulo linanenanso kuti kumanzere kwa tsamba lililonse kutsale mpata wa masentimita anayi. Sungani mawu amenewa mumtima mwanu.

Wondiyang'anira anali bambo wina amene tonse tinkamutcha Ba Sentimita. Pamaso pake tinkati ba Dokotala, chifukwa ndi mmene ankafunira, ngakhale udokotalawo unali udakali m'njira, akuulembera ku yunivesite ina ya kunja. M'thumba la malaya ake munkakhala rula yachitsulo, yokhala ndi kabowo kumapeto. Anthu ena amayenda ndi Baibulo, ena ndi chithumwa. Iye ankayenda ndi rula.

Pepala langa ndinalilemba ndi mtima wonse, ndipo pamenepo ndi pamene ndinapusa. Funso langa linali lakuti, ndani ali ndi mlandu pa fumbi limene aliyense akuti si lake? Ndinkanena fumbi la mtovu la kwathu lija, limene amayi amathira madzi pabwalo m'mawa uliwonse kuti adzukulu awo asalipume. Ndinapalasa njinga kukalipereka, ndikuyembekeza mtsutso waukulu wa anthu ophunzira. Ba Sentimita anatsegula tsamba loyamba, anasolola rula, anayeza, n'kunena kuti kumanja kwakula. Ulendo wachiwiri anati mizere yathithikana. Wachitatu anati manambala a masamba ali pakati m'malo mwa pakona. Wachinayi sindinamupeze, anali ku wekishopu ku Lusaka. Maulendo onsewa maso ake sanalowepo pakati pa tsamba pamene panali mawu. Ankangozungulira m'mphepete ngati mbuzi yomangidwa pachingwe.

Kunyumba amayi anali atayamba kale kukonzekera mwambo wolandira digiri. Anagula chitenje cha mtundu umodzi cha banja lonse, anauza azimayi onse a kumpingo, ndipo mlongo wanga wa ku Chililalila anali atalankhula kale ndi mwini minibasi. Choopsa koposa, amayi anakhoma msomali pakhoma la pabalaza, pamwamba pa wailesi, pokolekapo chithunzi changa nditavala gauni. Mlendo aliyense ankaonetsedwa msomaliwo.

Masamba onsewa ndinkasindikiza pa kantemba ka amake Tisa, mayi wa ku Petauke amene ali ndi makina osindikizira ndi omangira mabuku pafupi ndi geti la koleji. Tsiku lotseka mndandanda wa olandira madigiri litatsala pang'ono, ndinawauza kuti asindikize komaliza n'kumangiratu makope onse atatu. Iwo anayang'ana pa kompyuta n'kupukusa mutu.

"Iwe mwana, onjezako pang'ono kumanzere uku. Chikuto chimadya pepala."

"Amama, buku la malamulo lati masentimita anayi," ndinayankha ine, wophunzira lojiki.

"Buku yako siinamangepo buku. Manje ni zako."

Mumtima ndinati, mayi wosafika ngakhale ku sekondale angandiuze chiyani ine wodziwa Agiriki? Anamanga mmene ndinafunira. Mabuku anatuluka okongola ngati a m'bokosi la bishopu. Ndinakawaika pa tebulo la Ba Sentimita tsiku lomaliza lenilenilo. Anatsegula, anakanikiza rula pamsoko, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamuona akumwetulira. Masentimita atatu ndi theka. Theka lija linali litalowa m'chikuto, monga ananenera mayi wosadziwa Agiriki.

Ndinapempha. Ndinati ba Dokotala, mpatawo ulipo, ungobisika mkati. Iye, mphunzitsi wa filosofi, amene anatiphunzitsa chaka chathunthu kuti chinthu chikhoza kukhalapo ngakhale sitikuchiona, anati, "Chamene rula siiona, kulibe." Anati ndidzabwerenso chaka chamawa, ndidzalembetsenso, ndipo ndidziwiretu kuti malamulo akusintha.

Sindinabwerere. Ndinakhala kunyumba milungu itatu osauza amayi, ndikudzuka m'mawa uliwonse kuyang'anana ndi msomali. Telala anabweretsa malaya anga a chitenje, ndinawayesa, anandikwana bwino kwambiri. Pamenepo ndinagwada. Ndinati, Ambuye, ngati mulipo, pakuti mayeso otsimikiza kuti mulipo ndi otsimikiza kuti kulibe ndinakhoza onse awiri, ndichotsereni msomali uwu, kapena ndichotseni ine.

Abale, yankho silinachokere kumwamba. Linachokera pa geti la koleji. Amake Tisa ananditumira uthenga kuti ndikatenge mapepala anga akale amene ankawadzazira malo. Nditafika anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Wayonda, profesa. Nkhala pansi. Ija buku yako ninaibelenga."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Iwo anati makina akamatulutsa masamba munthu sungangokhala, ndiye anaiwerenga maulendo onse amene ndinasindikiza, Chingelezi chovuta akudumpha.

"Chaputala yachitatu ni mabodza, unangofuna kuonetsa ma Giriki yako. Koma paja unalemba za amai ako kuthira manzi pa fumbi, paja unakamba zoona. Naine nimathira."

M'zaka zinayi za filosofi, ameneyo ndiye munthu yekhayo amene anatsutsana nane pa zimene ndinalemba. Kenaka anati ana a koleji amawavutitsa tsiku lililonse ndi malamulo a mipata ndi mizere, ndipo palibe munthu m'Kabwe muno amene anakwapulidwa ndi malamulowo kuposa ine. Anandilozera mpando wa pa kompyuta kuti ndiyambe ntchito. Mpando umenewo, abale, sindinaukayikire ngakhale pang'ono.

Madzulo ake ndinawauza amayi zonse. Anafunsa ngati ntchitoyo ndi yokhala pansi. Ndinati inde. Anati, "Agogo ako anafera kuima." Chitenje tinakavala pa ukwati wa msuweni wanga. Koma msomali anakana kuuzula. Anati khoma laboola kale, chinthu chidzapezeka.

Panapita chaka ndi miyezi. Ndinakhala katswiri wa m'mphepete mwa pepala. Ana a digiri amabwera kwa ine ndi mapepala awo, ine n'kuwaonjezera theka lija mwakachetechete, iwo n'kukavala gauni. Zimene amalemba pakati musandifunse, ena mwa iwonso sadziwa.

Ndiye tsiku lina masana, ndani waima pa kantemba? Ba Sentimita, atanyamula chibuku chonenepa cha udokotala uja. Anali atachimangitsa ku Lusaka, poti ife a pa geti ndife anthu wamba, ndipo a kunja aja anali atachibweza ndi kakalata. Sanandizindikire. Munthu amene sanaonepo pakati pa tsamba angakumbukire bwanji pakati pa nkhope? Anati sakumvetsa chimene alakwitsa, iye anatsata malamulo onse.

Ndinatsegula bukulo mwaulemu. Ndinati, "Ba Dokotala, kumanzere kwachepa."

"Iwe, uziba amene ukamba naye?"

Anasolola rula yake yomwe ija, anakanikiza pamsoko, anayang'ana. Anapukuta magalasi, anayezanso. Masentimita atatu ndi theka. Amake Tisa, osadzutsa n'komwe mutu pa makina awo, anati, "Chikuto chimadya pepala, ba sa."

"Koma mpata ulipo," anatero iye ndi mawu aang'ono. "Uli mukati."

Abale, Satana anandiikira mawu anayi pa lilime, okonzeka, otentha. Ndinawameza atatu, kenaka ndinaona kuti kumeza mawu n'kuwononga chakudya cha Mulungu, ndipo ndinawalankhula onse: "Chamene rula siiona, kulibe, ba Dokotala." Pamenepo anandiyang'ana pakati pa nkhope. Anandidziwa.

Malemba amati tizikhululuka, ndipo ine ndinamukhululukira. Ndinamukonzera bukulo bwinobwino. Kungoti pokonzapo ndinaliwerenga lonse, ndipo ndikupemphani kuti muwapempherere a kunja aja. Tsiku limenelo anachoka mofulumira moti anaiwala rula pa tebulo. Wabwerapo kawiri chichokereni, koma sanaifunsepo.

Ndikuthokoza Ambuye amene anandichotsa pakati pa anthu oyeza nzeru ndi chitsulo, n'kundipereka kwa mayi amene amawerenga. Inu amene mudakali m'chigwa cha masiginecha, musataye mtima. Limbikani, pempherani, ndipo mayi wa pa kantemba akakuuzani kuti onjezani theka, onjezani.

Rula ija ndinapita nayo kunyumba n'kuwafotokozera amayi za mwini wake. Anaitembenuza, anaona kabowo kaja, ananyamuka nayo. Ili pa msomali mpaka lero, pamwamba pa wailesi. Mlendo akafunsa, amayi amati, "Imeneyo ndi imene inamuvutitsa mwana wanga. Anabwera nayo yamoyo." Aleluya.