Bokosi la Mbali Imodzi

Loweruka lina masana, chaka chachiwiri Zimbabwe italandira ufulu, a Evelina, amene anthu ankawaitana kuti mayi a Bernard, anatulukira pashedi ya a Lemson kulokeshoni ya Nkulumane atakoleka thumba paphewa. A Lemsonwo, bambo a Dorah, ndiwo anali kalipentala wa sosayiti ya maliro ya anthu ochokera ku Nyasalande, ndipo kudenga kwa shedi yawo kunkasungidwa matabwa a bokosi la membala aliyense, odulidwa kale pamsinkhu wake, dzina litalembedwa ndi choko.

Kunyumba kwa a Evelina kunali mtsikana wogwira ntchito pafekitale ina ku Donnington, amene mwamuna wina anamugwirira m'tchire la panjira pochokera kuntchito. Dzina lake musavutike kufunsa, simulimva. Nyumba zatsopano za ku Nkulumane zinkabwera zopanda zitseko zam'kati, ndiye kuseri kwa chiguduli cha pakhomo mtsikanayo tulo sankatuona. Anali atanena kuti Lolemba akakwera basi pasiteshoni ya Renkini n'kuthawa tauniyo, chonsecho mlandu wake unali Lachitatu. A Evelina ankafuna chitseko dzuwa lisanalowe. Koma a Lemson ankawadziwa bwino ndi malamulo awo, choncho analumbira mumtima kuti mawu oti chitseko sawatchula mpaka matabwa atatsika.

"Odi kuno, bambo a Dorah!"

"Lowani, mayi a Bernard. Linjani?"

"Sikhona. Tsitsani matabwa."

A Lemson anaika sowo pansi pang'onopang'ono, navula chipewa n'kuchigwira pachifuwa.

"Kalanga ine! Watisiya ndani?"

"Muyezo wake nawu." A Evelina anasolola chingwe cha mfundo ziwiri. "Iyi ndi ya m'litali, iyi ya m'lifupi."

A Lemson anaponda nsonga ya chingwecho n'kuchikweza mpaka dzanja kupitirira mutu.

"Hawu! Wamtali chonchi m'sosayiti muno ndi a Hector okha. Mayo, a Hector! Dzulo lomweli anandibwereka hamala!"

"A Hector ali moyo. Ndawadutsa akutsuka njinga."

"Ambuye alemekezeke, hamala yanga ibwera. Nanga ndani?"

"Dzina sinditchula."

"Maliro opanda dzina? Kutchalitchi tikalengeza kuti chiyani?"

"Simukalengeza kanthu. Mukangotsekula pakamwa panupo, ine ndi inu tidana mpaka kumwamba."

"Chabwino. Wamwalira liti?"

"Sanamwalire."

"Ali kayakaya?"

"Akudya, akuyenda. M'mawa uno wandithandiza kuchapa."

"Ndiye mukuti ndimukhomere bokosi munthu wochapa? Aikona, mayi! Kumeneko n'kulaula."

"Sindikufuna mbali zonse ayi. Imodzi yokha."

"Imodzi? Yapansi kapena yapamwamba?"

"Yoimirira."

"Timuika choimirira?" A Lemson anakanda dazi. "Ine ndagwirapo ntchito m'migodi ya ku Wankie, ndaona mitundu ya anthu ndi miyambo yawo, koma maliro oimirira sindinawaonepo."

A Evelina anangokhuthula thumba lija patebulo lopalira matabwa, zitsulo n'kugwa kuti gobede.

"Mahinjesi?" anatero a Lemson akutola imodzi. "Kaya, azungu ena ankaika pamabokosi awo. Nanga mpiringidzo wachitsulowu ndi wachiyani?"

"Umenewo ukhale mkati."

"Mkati!"

"Eya. Kuti azitseka yekha, azitsekula yekha."

"Azitsekula? Akatsekula azipita kuti?"

"Kulikonse kumene wafuna. Kuntchito, kumsika, kutchalitchi."

A Lemson anangoti khu pachitini cha penti.

"Kutchalitchi kwathu komwe kuja? Mayi, ine ndimakhala benchi la pafupi ndi khomo."

Apa a Evelina anaona kuti munthuyu akomoka asanatsitse ngakhale thabwa limodzi. Lumbiro lija linathera pomwepo.

"Chitseko, bambo a Dorah! Ndikufuna chitseko! Kodi mutu wanuwu ndi wa thabwanso?"

"Ooo, chitseko!" A Lemson anapuma mozama, naseka, navalanso chipewa. "Mukanangotero poyamba paja. Sizitheka."

"Ndinadziwa ine!"

"Lamulo lachitatu: thabwa silichoka m'manja mwa sosayiti mwini wake asanafe. Mwaiwala za malemu a Chimwaza? Anatenga matabwa awo n'kukhomera nkhunda khola, mwezi usanathe lole n'kuwagunda. Tinawaika m'bulangete, Amandebele akuonerera. Manyazi ake mpaka lero ndimawamva. Kaguleni ku Donnington."

"Ndapitako katatu. Tauni yonse ikumanga, akuti zitseko mwezi wamawa. Komanso kandalama ka mandasi ka gulu la amayife kathera zitsulozi, zikwakwa ndi mawezulo a atsikana a kufekitale."

"Mawezulo? Mwayambitsa timu ya mpira?"

A Evelina anasuzumira kunja kuti aone ngati panali wodutsa, kenaka anatsitsa mawu.

"Mawezulowo ndi oti aziliza wina akawatsata panjira. Zikwakwa n'zotchetchera tchire lija la kuseri kwa njanji. Bambo a Dorah, kunyumba kwanga kuli mwana wa eni. Chilombo china cha munthu chinamugwirira m'tchire limenelo. Chagwidwa, mlandu ndi Lachitatu. Koma mwanayo chiguduli chikangogwedezeka ndi mphepo amadzidzimuka, thupi lonse njenjenje. Akuti Lolemba athawa. Akathawa, mlandu watha, chilombo chituluka kukadikirira wina, ndipo mwanayo ntchito yake yapita, kwawo kwenikweni alibe."

A Lemson anavulanso chipewa, koma ulendo uno anasowa pochiika. Anali ndi ana aakazi atatu munthuyu, ndipo nkhaniyi inawawawa kwambiri mumtima.

"Ndi mwana wa ndani?"

"Ndati sinditchula."

"Wakwathu kapena Mndebele?"

"Chitseko chimafunsa mtundu?"

A Lemson anaganiza kaye, poti funso lililonse ankalipatsa ulemu wake.

"Sichifunsa," anavomera. "Ndiye tengani njinga yanga. Tengani nkhuku zonse zisanu. Kotchetchako ndibwera ndi chikwanje changa, ndikokanso a Hector."

"Kotchetcha mubweredi. Koma munthu sadzitsekera ndi nkhuku."

"Ndikumva, mayi, ndithu ndikumva. Kungoti lamulo lachitatu..."

"Basi, tsitsani anga. Ndi awo ali pakonapo, dzina langa ndikuliona."

"Anu atsika mukafa."

Pali anthu amene ukawatsekera njira amabwerera. A Evelina sanali m'gulu limenelo. Anasesa tizipalo ta matabwa patebulo paja ndi dzanja, anakwerapo movutikira, anakonza chitenje bwinobwino, n'kugona chagada manja atapinda pachifuwa.

"Ndafa."

"Simunafe."

"Ndafa ndithu. Wandipha ndi mtima."

"Wakufa sayankha."

A Evelina anati chete, maso tsinzinu. A Lemson anadikira. Ntchentche inatera pamphuno pa malemuwo, inayendayenda, inapukuta manja, koma malemu osagwedezeka. A Lemson anayamba kuda nkhawa pang'ono.

"Ngati zafika pamenepa," anatero, "lamulo lachisanu likufuna mboni ziwiri, ndiponso telegalamu ipite kumudzi ku Ntcheu lero lomwe."

Diso limodzi linatsekuka.

"Telegalamu? Mayi anga ndi okalamba, mukufuna muwaphe ndi mantha?"

"Mwaonatu, mwayankhanso."

Koma kalipentala wa maliro akaona munthu wagona patebulo manja samugwirika. A Lemson anatola chingwe chija n'kuchiyala kuyambira kumutu kwa a Evelina. Chinadutsa mapazi, chinapitirira, mpaka chinalendewera kumapeto kwa tebulo.

"Ndiponso ngakhale mukanafa, mukanangofera chabe," anatero mwachisoni. "Anu tinadula kale pamsinkhu wanu. Chitseko chake chingalekeze pachifuwa, ngati cha khola la mbuzi."

A Evelina anadzuka n'kukhala tsonga, miyendo ikulendewera osafika pansi. Zoseka zinawathera. Dzuwa linali litapendeka, ndipo anaganiza za mwana uja atakhala pakona, maso ali pachiguduli. Misozi inalengeza. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anadana ndi kufupika kumene anatengera kwa mayi awo. Anakweza maso kuti misoziyo isagwe, ndipo m'pamene anaona kuti dazi la a Lemson likungotsala pang'ono kugunda matabwa a kudenga.

"Taimani pomwepo."

"Bwanji?"

"Musagwedezeke!"

Anaimirira patebulo paja, naika mfundo ya chingwe pamutu pa a Lemson. Chingwe chinatsika mpaka kuchidendene, n'kutsalako kachidutswa pansi.

"Bokosi limapitirira mwini wake ndi zala zingati, bambo a Dorah?"

"Zinayi," anayankha a Lemson, poti bodza sankalitha.

"Tayezani katsalako."

A Lemson anawerama, nayeza, nawerama nthawi yaitali kuposa mmene kuyezako kunkafunira.

"Zinayi."

"Paja munati wamtali ndi a Hector okha?"

"Munthu sadziwerengera pa nkhani za maliro, mayi."

"Ifani."

"Aikona!"

"Ine ndafa kale, sizopweteka. Kwerani apa."

"Ndati aikona! Ndili ndi mipando ya eni yoti ndimalize Lachiwiri!"

Anabwerera m'mbuyo mpaka msana kugunda khoma, maso ali kudenga. Matabwa awo anali pamwamba pa onse, a mlombwa weniweni, osankha okha, ndipo chaka ndi chaka ankawatsitsa n'kuwapaka mafuta. Munthuyu anachoka kwawo ali mnyamata, makolo ake anaikidwa m'manda iye kulibe, ndipo chimene ankaopa koposa imfa chinali kukwiriridwa m'bulangete m'dziko la eni. A Evelina ankazidziwa zimenezi, ndipo anachita manyazi pang'ono. Koma pang'ono pokha.

A Lemson anayamba kung'ung'udza malamulo akuwerenga pazala. Loyamba, lachiwiri, lachitatu. Pa chala chachinayi anaima.

"Lachinayi: matabwa asungidwe pouma, popanda chiswe, m'nyumba ya membala." Anatembenuka. "Kwanu kumadontha?"

"Malata ndi atsopano."

"Chiswe?"

"Simenti yokhayokha."

"Ndinu membala?"

"Womwalira kumene."

"Lamulo silinanene kuti asungidwe chogona," anatero a Lemson pang'onopang'ono, ngati akudziuza okha. "Silinaletsenso mahinjesi." Anakoka makwerero. "Koma mumvetsetse, mayi a Bernard. Sindikupereka, sindikugulitsa. Ndikungosungitsa kwanu, choimirira. Tsiku limene ndidzafe, a Hector adzabwera kudzazula."

Munthu wina akanawomba m'manja n'kuthokoza, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma tikunena a Evelina.

"Kudzazula? Chitsekocho chikakhomedwa, wochichotsa ndi mwini chipinda yekha, tsiku limene adzanene ndi pakamwa pake kuti mantha atha. Kaya ndi chaka, kaya zaka khumi. Limenelo ndi lamulo loyamba la amayife."

"Muli ndi malamulo inunso?"

"Tangoyamba kumene."

"Nanga ine ndikafa mawa?"

"Bulangete."

"Mayi a Bernard!"

"Ndikupatsani langa la ubweya lija, silinafundidwepo."

A Lemson anali atatsitsa kale thabwa loyamba. Anaima nalo pakati pa shedi, akulisisita, akuyang'ana dzina lawo lolembedwa ndi choko. A Evelina anaganiza kuti aonjeza mchere ndipo thabwalo libwerera kudenga. Koma a Lemson analavulira malovu padzanja la malaya n'kufufuta dzinalo, chilembo ndi chilembo, kuti mwana wa eni asamaone dzina la mwamuna pachitseko chake. Kenaka anapachika pensulo kukhutu, natola mpiringidzo uja.

"Lamulo ndi lamulo," anatero. "Mukamuuze mwanayo asafulumire ayi. Ine ndiyamba ndadikira, sindifa."