Mayi Leiwia Tarisong ndi Mayi wa Kumapazi

Abusa, mafumu, akulu a mpingo, abale ndi alongo nonse amene mwabwera kudzatikhuza, ntchito yowerenga mbiri ya malemu yagwera ine Kalsef, mlongo wawo wamng'ono. Ndikapunthwa powerenga mundikhululukire, chifukwa amene ankandikonza ndikalakwitsa ndi amene agona apawa.

Malemu Mayi Leiwia Tarisong anabadwa pa 3 Ogasiti 1947 m'mudzi wathu uno wa Tanoropo. Makolo awo anali Bambo Kalorong ndi Mayi Touraki, onse anatsogola kale. M'banja la ana asanu ndi mmodzi iwo anali achiwiri, ine mzime. Anandiberekapo kumsana, anandikwapulaponso ndi tsache, ndipo zonse ziwirizo ankazikumbutsa pagulu ngakhale nditamera imvi.

Sukulu anayamba mu 1955 pa mishoni ya pano, n'kulekezera kalasi yachisanu ndi chimodzi. Mutu unalipo, aphunzitsi ankachita kuwanyadira, koma bambo athu anati mtsikana akadziwa kulemba kalata ndiye kuti wadziwa zokwanira. Akanadziwa kuti makalata omwewo adzasowetsa mtendere mafumu a mudzi uno kwa zaka makumi anayi, bwenzi atawaletsa akadali kalasi yoyamba.

Mu 1967 anamanga banja ndi Bambo Kalmelu Tarisong, msodzi komanso woumitsa kokonati. Alamu athuwo anali munthu wofatsa, wa mawu owerengeka. Anthu ankaseka kuti banjalo silikanatha, pakuti wina ankalankhula, wina ankavomera. Koma ife a pafupi tikudziwa kuti alamu akati ayi, kamodzi pachaka, achemwali ankamvera. Mulungu anawadalitsa ndi ana anayi.

Za ntchito, malemu anali mlimi wa zilazi ndi koko, komanso woluka mikeka amene ntchito yake inkadziwika mpaka ku Vila, likulu la dziko lathu. Ntchito yolembedwa anaigwira miyezi inayi yokha pa moyo wawo wonse, koma miyezi inayiyo ndi imene inawapatsa katundu amene anamusenza mpaka sabata ino.

Tonse timakaona kachilumba ka Retuma tikangotuluka m'nyumba, ndipo tonse tinakula tikudziwa kuti sikogonako, sikodulako mtengo, chifukwa kunaikidwa Mfumu Marikitapu. Nyimbo ya makolo imati mfumuyo sinapite yokha. Fuko lililonse linapereka mwamuna ndi mkazi wake kuti alowe nayo m'manda amoyo, kuti mizimu isunge mtendere umene mfumuyo inakhazikitsa. Nyimboyo imatchula amuna aja mayina awo, n'kumaliza ndi mawu akuti onse anagona akumwetulira.

Mu 1972 kunabwera akatswiri ofukula zakale ochokera kutsidya la nyanja, ndipo mafumu anawalola kukumba. Mkulu wawo tinkangomutchula kuti Wachipewa, chifukwa sitinamuonepo mutu uli pamtunda. Achemwali analembedwa ngati wophika. Tsiku lina Wachipewa anawapeza akuchotsa minga m'nsomba osang'amba mnofu, ndipo m'mawa mwake anawalanda chikombe cha mphika n'kuwapatsa kaburashi. Kuyambira pamenepo iwo ndi amene ankasesa mchenga pa mafupa, amuna ife tikungonyamula zidebe.

Nyimbo sinaname. Mfumu inapezeka pakati, zibangili za mano a nkhumba zili m'mikono, ndipo mozungulira munali anthu awiriawiri, monga momwe makolo ankaimbira. Akatswiri atayeza anati papita zaka pafupifupi mazana anayi. Wachipewa anavina, mafumu anasangalala kuti azungu aona okha kuti sitiimba zabodza. Amene sanasangalale ndi achemwali, chifukwa iwo ndi amene ankaona mafupawo maso ndi maso. Amuna onse anagona chagada, mikono ili tambalale, ngati anthu amene akhuta. Akazi sanagone choncho. Wina anakolekera mikono m'khosi mwa mwamuna wake, wina anamugwira m'chiuno, wina zala zake zinalowa pakati pa nthiti za mwamunayo. Chifukwa chake panalibe wofunika kutiuza. Amuna aja anamwetsedwa kava wamphamvu mpaka kukomoka, koma mwambo sunkalola mkazi kulawa kava. Akazi aja dothi linawapeza ali maso.

Kumapazi kwa mfumu kunali mayi mmodzi wopanda mwamuna pambali pake. Anali atatsamira zigongono, mutu atadzutsa, ngati munthu wofuna kuimirira. Nyimbo simutchula, ndipo palibe fuko limene linati ndi wathu. Achemwali anatha masiku asanu ndi anayi akumusesa. Ankati analibe ndi womugwira yemwe.

Pomaliza ntchito, akatswiri anapempha kutenga mafupa ena kuti akawayeze bwino kwawo. Mafumu anakana kuti mfumu ikhudzidwe, ndipo fuko lililonse linakaniza anthu ake. Wopanda womulankhulira anali mayi wa kumapazi yekha. Wachipewa analonjeza kuti amubweza pakatha zaka ziwiri, ndipo pofuna kuthokoza mudzi anagula nkhumba yaikulu ya mano opindika ndi mikeka khumi, n'kupereka chingwe m'manja mwa amfumu. Iye ankayesa kuti ndi phwando lotsanzikana. Ife tinalandira, tinapha, tinadya. Nanenso ndinadya nawo, ndipo sindinama, inali yonona. Amene anakulunga mafupa aja m'thonje, kuwaika m'bokosi ndi kulemba nambala pamwamba anali achemwali, popeza anali ndi dzanja labwino. Potseka bokosilo anawerama n'kunena kuti, "Pitani, amayi, musaope. Ndakulongedzani ndine, ndidzakumasulaninso ndine."

Zaka ziwiri zinatha, zisanu zinatha, dziko linalandira ufulu, bokosi osaoneka. Malemu anayamba kulemba makalata ku nyumba yosungira zakale kumene mafupawo anapita. Yankho linabwera laulemu, lakuti pempho lotere liyenera kusainidwa ndi mafumu ndi akulu a mafuko a mudzi. Apa ndi pamene nkhani inalimba. Akuluakulu anati mkazi amene nkhumba yake ya malowolo yalandiridwa ndi kudyedwa ndi wa eni nkhumba, ndipo kumuitanitsa osabweza nkhumbayo ndi kuba, manyazi a mudzi wonse. Malemu anaimirira kunja kwa bwalo la amuna, poti mkati sankaloledwa, n'kufuula kuti, "Ndiye mwati anakwatiwa? Anakwatiwa ndi ndani, ndi kabati?" Anthu anaseka, koma palibe anasaina.

Ndiyenera kunena pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa bokosi la maliro ili kuti kuyambira 1991 wolankhulira fuko lathu ndinali ine, ndipo nanenso ndinakana. Ankabwera kunyumba kwanga ndi pepala ndi cholembera, atanyamulanso chakudya chathu cha zilazi, lapulapu wotentha, kuti mtima wanga ufewe. Ndinkadya, n'kukana. Ankanditi, "Iwe Kalsef, ndinakusambitsa ndine, lero ukundiwerengera malamulo? Mimba yakoyi ndi imene inagulitsa munthu." Ndinkayankha kuti, "Achemwali, mwambo sindinaupange ndine." Iwo amvekere, "Nkhumba unaidya ndiwe." Tikatero ankatenga mbale yawo, ndipo Lamulungu lotsatira ankandisungira malo kutchalitchi ngati sipanachitike kanthu.

Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Malemu ataona kuti amuna sitisuntha, anamanga khola kuseri kwa nyumba yawo n'kuyamba kuweta nkhumba yobwezera. Inu mukudziwa kuti dzino la nkhumba kuti lipindike mpaka kuzungulira pamafunika zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo nkhumba yotero imadyetsedwa pamanja kuti isathyole dzinolo. Ankaipalira kokonati m'mawa uliwonse, ana awo eni akudikira. Itakhwima analembera kutsidya kuti bwerani mudzatenge nkhumba yanu. Yankho linati Wachipewa anamwalira, ndipo nyumba yawo silandira ziweto. Koma mwambo umafuna kuti chingwe chilowe m'dzanja la mwini wake, osati m'kalata. Nkhumba ija inakalamba n'kufa, iwo anayamba ina. Ina inadwala, ina inapita ndi namondwe wa mu 2015 pamodzi ndi khola lomwe. Zonse zinakwana zisanu.

Ku mpingo, malemu anabatizidwa ali wakhanda, analowa chikhristu chonse mu 1963, ndipo anatsogolera bungwe la amayi kwa zaka khumi ndi zitatu. Ankaimba mokweza kuposa kwaya yonse, nthawi zina patsogolo pa nyimbo. Odwala a mudzi uno amadziwa kugogoda kwawo. Ena mumpingo ankawanena kuti akutaya nthawi ndi mafupa a anthu a mumdima. Iwo ankayankha kuti Mulungu amene amawerenga tsitsi sangalephere kuwerenga mafupa. Alendo oona malo akabwera, anyamata athu ankawaimbira zakuti onse anagona akumwetulira, ndipo malemu akakhala pafupi ankawonjezera kuti, "Amuna okha, bambo. Akazi ndinawaona ine." Mafumu sankakondwa nazo, koma palibe analimba mtima kuwatsutsa. Malemu sankanyoza makolo athu. Ankati anachita zimene ankakhulupirira kuti zisunga ana awo, koma tisawonjezere bodza pamwamba pa dothi.

Mu 2009 alamu athu a Kalmelu anamwalira. Abale anafuna kupha nkhumba ya m'khola muja kuti anthu adye pamaliro, malemu anakana, ndipo mudzi unawanena kuti akonda mafupa kuposa mwamuna wawo. Iwo sanadziteteze. Patapita zaka ndi pamene mwana wawo Leinasei anatiuza kuti bambo ake ali pamphasa ananena kuti, "Make Leinasei, nkhumba ya mnzanu ija musadzandiphere. Ine ndili ndi ondilira." Chinali chiganizo chachitali kwambiri chimene alamu ananenapo, ndipo achemwali anasankha kunyozedwa kusiyana ndi kuchiphwanya.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 2023 nyumba yosungira zakale ija inatumiza mtsikana wantchito amene anapeza makalata a malemu, onse makumi asanu ndi limodzi ndi atatu, atasungidwa pamodzi ndi bokosi lija. Anafika pabwato atasanza njira yonse, achemwali anamulandira ngati mwana wawo. Pabwalo, mudzi wonse ukuona, anamuika chingwe cha nkhumba yachisanu m'dzanja. Nkhumba inakoka, mtsikana anagwa chagada, koma chingwe sanachitaye. Malemu anafuula kuti, "Mwaona nonse, walandira!" Kenaka anatembenukira kwa ine, pepala lili kale m'manja. Ndinasaina woyamba. Sananditonze. Anangondisisita pamutu ngati kale, n'kunena kuti, "Wakula tsopano."

Matenda anayamba chaka chatha mu Okutobala. Miyendo inatupa, mpweya unkawathera, ndipo kuchipatala ku Vila anapeza kuti mtima wafooka. Anagonekedwa milungu itatu, madokotala ndi anamwino anayesetsa, ndipo tikuwathokoza. Atapezako bwino anapempha kubwerera kumudzi, ati bokosi lingafike iwo kulibe. Bwato lililonse likamveka ankatuma mdzukulu kukaona. Mwezi wathawu kalata inafika yonena kuti zikalata zonse zatha, mafupa adzanyamuka mu Julayi. Anaiwerenga okha, opanda magalasi, n'kuwerenga miyezi pa zala. Ndinali pomwepo. Anandiyang'ana nati, "Kalsef, Julayi ali patali. Ukadzatsegula, udzayambe wamuuza kuti ndinayesetsa. Usadzamusiye yekha kumapazi." Adzukulu anafunsa ngati tingamupatse dzina, iwo anakana, ati dzina anali nalo, amake anamupatsa, ife tinangolitaya.

Malemu anatisiya Lachiwiri pa 11 Malichi 2025, dzuwa lili pamutu, m'nyumba mwawo, ana awo atawazungulira. Amwalira ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi ziwiri. Ndinkawakonda achemwali anga, ndipo ndikumva chisoni kuti zaka zimene ndinawakaniza cholembera ndi zomwezo zimene zawaperewera lero.

Asiya ana anayi: Leinasei, Kaltak, Toumara ndi Joel. Asiya adzukulu khumi ndi anayi, ndi zidzukulutudzi zisanu ndi chimodzi. Asiya mng'ono wawo Mayi Leipakoa, amene ali pachilumba cha Santo ndipo alephera kufika chifukwa cha ukalamba, ndi ine mlongo wawo. Ndinafunsa abusa ngati n'kololedwa kuwonjezera wina pa mndandanda uwu, ndipo anandilola. Asiyanso mbale wawo mmodzi amene dzina lake sitilidziwa, mayi wa kumapazi, amene akadali kutsidya la nyanja, sanamve za maliro ano, ndipo akudikira kuti womulongedza adzamumasule.

Achemwali, gonani, ntchito yatsalayo ndi yanga. Mzimu wawo uuse mu mtendere wa Ambuye.